Kubipa Katatu

Nkhani iyi anandiuza ndi Elídio Amadeu, mwamuna wa kumudzi wina kuseri kwa Chiputo, tsiku limene tinakhala tonse pansi pa mtengo wa mango ku Malowera kudikira kaminyau, lole yonyamula anthu ndi katundu, imene sinabwere. Ine ndinali paulendo wanga wa masiku onse, wopanda kumene ndikulowera kwenikweni. Ndakhalako ku Moatize, ku Katete, ku Zumbo, ndipo paliponse ndikatha miyezi iwiri mapazi amayamba kuyabwa. Ana anga anatopa nako kundifunsa. Elídio anali ndi nkhuku zinayi zomanga miyendo, ndi telefoni yakale ya mabatani yokulungidwa ndi mphira. Ankaitulutsa m'thumba, kuiyang'ana, kuibweza. Atatero kachisanu ndinamufunsa ngati pali amene akumudikira.

"Ayi, madala. Palibe amene angaimbe. Dzanja lokha ndi limene linazolowera."

Kenako anayamba kufotokoza, mosakweza mawu, ngati munthu amene akunena mitengo ya mbewu.

Amayi ake, a Genoveva, anali mwa anthu amene anathawira ku Zambia nthawi ya nkhondo n'kubwerera itatha. Amuna awo anamwalira kalekale. Ana amene anakula anali awiri: Elídio, amene anasiyira sukulu kalasi yachinayi n'kugwira khasu, ndi chitsiriza, Telma, amene mutu wake unkagwira masamu ngati ulimbo. Telma anapita ku Fíngoè, kuchoka apo ku Tete, ndipo pamapeto pake analowa univesidade kukaphunzira za uphunzitsi. M'mudzi monsemo anali woyamba.

Kwawoko kulibe rede, netiweki ya telefoni. Kuti telefoni igwire, munthu amapalasa njinga ola ndi theka, kuisiya m'tsinde mwa phiri, n'kukwera wapansi mpaka pa mwala wina wosalala umene anthu anautcha Pa Alo. Ukaima pamenepo n'kukweza dzanja, timizere tiwiri timatulukira. Ukasuntha phazi, tapita. Ndiye poti kulankhula kumadya keredito, ndalama za m'telefoni, pabanjapo anapangana zawo. Kubipa, kuimba n'kudula winayo asanayankhe, sikudya kanthu. Kubipa kamodzi, ndiye kuti tili bwino. Kawiri, imba ukapeza mpata. Katatu, siya zonse, nyamuka, bwera. Ndipo Telma akaona, amabweza kamodzi kusonyeza kuti wamva. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi Elídio ankakwera Pa Alo n'kubipa kamodzi, n'kudikira, telefoni n'kunjenjemera kamodzi m'dzanja mwake, iye n'kutsika. Zaka zitatu zinatha choncho. Kawiri anakagwiritsapo ntchito, ng'ombe itafa ndi pamene denga linasasuka. Katatu sanakakhudzepo.

Ku Teteko Telma analowa m'gulu la ophunzira owerenga Baibulo. Ankakumana Lachitatu masana m'kalasi yopanda anthu, ngati khumi ndi awiri, kuwerenga ndime imodzi n'kumafunsana kuti ikunena chiyani, ikutanthauza chiyani, nanga iwe uchita nayo chiyani sabata ino. Wobwera kumene aliyense ankapatsidwa wamkulu woti aziyenda naye, mtsikana kwa mtsikana mnzake, mnyamata kwa mnyamata. Awiriwo ankakumana paokha tsiku lina, ndipo wamng'onoyo ankayenera kunena zonse: mmene akupempherera, amene akumufunsira, chimene amaopa, za kwawo. Wamkuluyo ankalemba mu kaderno, kope lake, kuti asaiwale pomupempherera. Wa Telma anali Paula, amene ankamutcha mana, kapena kuti chemwali, womutsogolera ndi chaka chimodzi, wobadwira m'tauni momwemo, mwana wa namwino, wolankhula Chipwitikizi ndi Chinyungwe, Chinyanja chongotola.

Telma atabwera patchuthi n'kufotokoza zimenezi, a Genoveva anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye Mulungu wa ku Tete amafuna kaderno? Wathu kuno amangosunga pamtima."

"Si Mulungu amene amaiwala, amayi. Ndi mana Paula."

"Nanga za ine unamuuza? Kuti ndimakukalipira?"

"Zonse."

"Iii, ndiye ndalembedwa m'buku ku Tete ine, osapitako n'komwe!"

Koma ankakondwa nazo. Mwana wawo sankamwa, sankayenda ndi amuna a magalimoto, ndipo m'mawa uliwonse ankakhala pa mpando kuseri kwa nyumba ndi Baibulo pamiyendo. Elídio akuti ngakhale iye ankamunyadira.

Gululi linali ndi mwambo wake. Chaka cha sukulu chikamayamba, mvula ikadali kugwa, ankapita ku retiro, kukabindikira m'mapemphero masiku anayi, kuyambira Lachinayi m'mawa mpaka Lamulungu masana, m'holo ya tchalitchi china kutsidya kwa mlatho wa m'taunimo. Kusala kudya mpaka dzuwa litapendeka, kuwerenga, kupemphera. Pakhomo pankakhala ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, ndipo aliyense polowa ankathimitsa kulira kwa telefoni yake n'kuiponya mmenemo. Ndowayo inali ndi woisunga mmodzi. Iyeyo ankaitsegula kamodzi patsiku, masana, kuona ngati pali mensaje, uthenga wolemba, ya maliro kapena ya ngozi. Ikapezeka, ankakaitana mwini wake. Kuyankha mafoni sankaloledwa, chifukwa akanati aziyankha, retiro yonse ikanathera pa ndowa. Chaka chimenecho woisunga anali Paula. Telma sanadziwitse kwawo. Anaona kuti tsiku lobipa ndi Lamulungu, ndipo Lamulungu masana adzakhala atatuluka.

Lachiwiri la sabata imeneyo a Genoveva anagwa m'munda. Thupi moto, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Elídio anawakweza pa njinga kupita nawo ku postu, kachipatala kakang'ono ka kwawoko, anapatsidwa mapiritsi, n'kuuzidwa kuti zikapitirira apite ku chipatala chachikulu. Koma mtsinje unali utadzaza, ndipo kaminyau inali isanadutse kwa sabata ziwiri. Anabwerera nawo kunyumba.

Lachinayi m'mawa anamuitana.

"Elídio, pita Pa Alo."

"Ndimubipe kawiri, amayi?"

Anayang'ana kudenga.

"Katatu."

Kuchoka ku Tete kufika kwawoko nthawi ya mvula ndi masiku atatu: minibasi ija amati shapa, kaminyau ikapezeka, kotsalako wapansi. Elídio anawerenga ali panjinga. Telma akaona lero, anyamuka mawa m'mamawa, Lamulungu ali pano.

Anafika Pa Alo dzuwa lisanafike pamutu. Anabipa, kudula. Anabipa, kudula. Anabipanso. Anaima dzanja lili m'mwamba mpaka phewa linachita dzanzi. Telefoni sinanjenjemere. Anati mwina ali m'kalasi. Anadikira mpaka mitambo inada, n'kutsika.

"Wayankha?" anafunsa amayi ake.

"Rede inavuta lero. Ndibwererako mawa."

Lachisanu anapitanso. Pamwalapo anapeza anthu ena awiri, mmodzi wa iwo Nicolau wogula mbuzi, munthu wa pakamwa. Anamuona akubipa katatu n'kuima ngati mtengo.

"A Elídio, mlongo wanuyo wapeza wa galimoto. Panopa ali ku Beira akudya nkhanu, inu mukuuma pano."

"Mwina."

"Muuzeni atitumizireko mlamuyo tidzamuone, atikonzere msewu."

Elídio anaseka nawo, akuti, chifukwa kukamwa kunangotseguka kokha.

Apa ine ndinamudula mawu. Ndinati, nanga bwanji sunangolemba mensaje? Mawu awiri okha, amayi akudwala. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Keredito ya mensaje inalimo, madala. Inalimo ndithu. Sizinandibwerere m'mutu. Katatu ndi katatu. Tinapangana pamaso pa amayi. Ndinkati ngati sakuyankha katatu ndiye kuti telefoni sili m'manja mwake, nanga mensaje akaiwerenga ndani?"

Loweruka anapitanso, mvula ikumukwapula njira yonse. Katatu. Zii. Pobwerera anapeza amayi ake atachepa pa mphasa, milomo itauma.

"Wayankha?"

"Wayankha, amayi. Ali m'njira."

Akuti sanakonzekere kunama. Mawuwo anangotuluka. A Genoveva anatseka maso, kenako anayamba kulamula. Mphasa yawo aitembenuze kuti aziona pakhomo. Nkhuku yaikazi yamawangamawanga ija aimange mwendo isapite kutali. Bulangete labwino alitulutse m'sutikesi aliyanike. Mlamu wawo wamkazi amene ankawadwazika anachita zonsezo. Lamulungu Elídio sanalowe m'tchalitchi. Anakwera Pa Alo m'mawa, kubipa katatu, kudikira pang'ono, n'kuthamangira kunyumba chifukwa ankaopa kuwasiya. Tsiku lonselo amayi ake anayang'ana pakhomo. Mbuzi ikadutsa, ankadzutsa mutu.

Ku Tete, Lamulungu lomwelo masana, anapemphera pemphero lotsekera, Paula n'kutsegula ndowa. Aliyense anatenga yake, phokoso, kuseka. Telma anayang'ana yake. Nambala ya mchimwene wake, kakhumi ndi kawiri. Lachinayi katatu, Lachisanu katatu, Loweruka katatu, lero katatu. Anaimba pomwepo. Mawu a mkazi wa m'makina anamuuza kuti nambalayo sikupezeka.

"Mana Paula, izi munaziona?"

"Ndinaona, koma panalibe mensaje. Ndimayesa ndi achibale ongobipa aja. Bwanji, pali vuto?"

Telma anati akupita kwawo. Shapa ya tsiku limenelo inali itapita kale. Paula atamva tanthauzo la katatu anagwira pakamwa, n'kunena kuti apita naye, sangamusiye yekha, ndiye ntchito yake imeneyo. Ananyamuka Lolemba m'mamawa.

Lolemba lomwelo, dzuwa litangokwera pang'ono, a Genoveva anamwalira nkhope ili chakukhomo. Nyengo yotentha ndi yonyowa ngati imeneyo mtembo sudikira munthu. Anawaika Lachiwiri.

Atsikana awiriwo anafika Lachitatu masana, nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo. Telma anaona yekha asanafike pabwalo: amuna atakhala paokha pansi pa mtengo, akazi pakhonde, mphasa itayanikidwa pa mpanda. Sanathamange. Anaika chikwama pansi, anayamba kupereka moni kwa akuluakulu mmodzimmodzi, atagwada bwinobwino, kutchula aliyense monga ayenera kutchulidwira. Atatha anapempha madzi osamba m'mapazi. Akazi anayamba kulira kuti amuthandize kuyamba, monga timachitira. Iye anangokhala pakati pawo manja ali pamiyendo. Amene analira ndi Paula. Analira mogwa pansi, mpaka amayi ena ochokera kumudzi wakutali anamugwira n'kumamutonthoza kuti pepa mwana wamasiye, akuyesa kuti mwana wa malemu ndi iyeyo.

Kenako anthu anaperekeza Telma kumanda. Anaima pa dothi lofiira lija, analiyang'ana. Pobwerera anadutsa m'mphepete mwa munda wa amayi ake n'kunena kuti chimanga chachita bwino chaka chino, koma udzu wachuluka.

M'mawa mwake Telma anamupeza Elídio akukonza tcheni cha njinga, n'kumuitana mano, monga amaitanira achimwene kwawoko.

"Mano, amayi anandifunsa?"

"Tsiku lililonse."

"Munkawauza chiyani?"

"Ndinawauza kuti wayankha. Kuti uli m'njira."

"Liti?"

"Loweruka."

"Loweruka," anatero Telma. "Loweruka tinkaphunzira nyimbo yatsopano."

Kenako anafunsa ngati nkhuku yomangidwa ija ili ndi mwini. Elídio anati ndi ya Telma yemweyo, amayi anamusungira. Telma anapita kukaimasula.

Tsiku lomwelo dzuwa linatuluka, ndipo Paula anayanika katundu wake amene ananyowa powoloka mtsinje. Kaderno ija anaitsegula n'kuiika pa denga la khola la mbuzi, mwala pamwamba. Elídio podutsa anaiona. Chipwitikizi cholemba pamanja sachitha, koma dzina la mlongo wake amalidziwa. Linali pamwamba pa tsamba. M'munsi mwake mizere yambiri, inki itayenderera, ndipo chapakati panali nambala 3, yodulidwa mzere kunsi kawiri.

Anakamuitana Telma kuseri kwa nkhokwe.

"Mnzakoyu unamuuzapo za kubipa kwathu?"

"Ndinamuuza zonse, mano. Ndi mmene timachitira."

"Za katatu?"

"Zonse."

"Ndiye ankadziwa."

Telma anayenda kupita pamene Paula anakhala, Elídio akumutsatira, ndipo anafunsa m'Chinyanja, pang'onopang'ono kuti mnzakeyo amve.

"Mana Paula, kodi ndinakuuzanipo za kubipa kwa kwathu? Kamodzi, kawiri, katatu?"

Paula anayang'ana Telma, anayang'ana Elídio. Maso anali otupa kale.

"Sindikukumbuka, Telma. Pamaso pa Mulungu, sindikukumbuka. Ndili ndi atsikana asanu, aliyense amandiuza zake. Mwina unanena. Ndikanadziwa, ndikanakuitana. Ukudziwa kuti ndikanakuitana."

"Chabwino."

"Telma, ndikhululukire."

"Chabwino, mana. Lero ndi Lachinayi."

Paula sanamve. Telma anabwereza kuti lero ndi Lachinayi, tsiku lawo lokumana awiri, ndipo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi Baibulo. Anakhala pa mpando uja wa kuseri kwa nyumba. Paula anakatenga kaderno yake padenga, masamba akadali onyowa, n'kukhala pambali pake. Elídio anabwerera ku njinga yake, koma ankamva. Anawerenga ndime. Paula ankafunsa kuti ikunena chiyani, Telma n'kuyankha. Ikutanthauza chiyani, Telma n'kuyankha. Mayankho athunthu, osaphonya, mawu ake osakwera osatsika, ngati mwana amene akutchula mayina a mitsinje m'kalasi. Atafika pa funso lachitatu lija, lakuti uchita nayo chiyani sabata ino, Telma anati apalira munda wa amayi. Ndipo anaupaliradi, masiku anayi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, Paula akumutsatira pambuyo ndi khasu limene sankalidziwa kagwiridwe kake, manja ake onse matuza.

Kenako anabwerera ku Tete onse awiri.

Ndinafunsa Elídio ngati mlongo wakeyo anachoka m'gulu muja. Anati ayi. Ali momwemo. Paula anamaliza sukulu n'kupita kukagwira ntchito kwina, ndipo Telma tsopano ndi wamkulu, ali ndi atsikana ake atatu ndi kaderno yakeyake. Elídio anamva kwa mphunzitsi wina wa ku Chiputo kuti pa retiro ya chaka chino wosunga ndowa anali iyeyo. Patchuthi sanabwere. Anati ali ndi maphunziro owonjezera.

"Nanga mumalankhulana?"

"Lamulungu ndimakwera Pa Alo. Ndimabipa kamodzi. Amabweza kamodzi."

"Basi?"

"Tili bwino, madala. Ndi zimene zimatanthauza."

Kaminyau sinabwere. Dzuwa litapendeka iye anamangirira nkhuku zake pa ndodo n'kulowera njira ya kumsika, ine ndinatsala pamtengo paja chifukwa ndinalibe kofulumirira.

Ndayenda nayo nkhaniyi miyezi ingapo tsopano, ndipo mbali zambiri ndimazikhulupirira. Mwala wa Pa Alo ndinauona ndi maso anga pambuyo pake, ndinaimapo, timizere tiwiri tinatulukadi. Koma za kaderno ija ndimakayika, ndinene poyera. Munthu amene sawerenga Chipwitikizi, tsamba lonyowa, inki yoyenderera, iye n'kuonapo 3 yekha, woyera, wodulidwa mzere kawiri. Ana owerenga Baibulo amalemba manambala tsiku lonse, mitu ndi ndime. Angakhale anali mutu wachitatu wa buku lina, kapena chaka chachitatu cha Telma. Mwinanso panalibe 3 aliyense. Elídio anali ndi keredito ya mensaje m'thumba masiku anayi, ndipo zimenezo amazinena yekha mosabisa, koma pofika pa nambala ija mawu ake anafulumira, ndipo sanandiyang'ane. Sindikuti ananama. Ndikuti sindikudziwa ngati anaiona padenga la khola paja, kapena anadzaiona pambuyo pake, ali panjinga, akupita Pa Alo.